Ndowa ya Amayi Eneles Inapita ku Maliro

Ku Nsadzo mukafunsa kumene amakhala amayi Eneles, anthu sakulozerani ndi chala, amangoti tcherani khutu. Kumene mukumva mayi akukalipira nkhuku ngati zili ndi mlandu pabwalo, ndi komweko. Padenga pali magalasi awiri a sola, pakhonde pali filiji yoyera yotsegulira pamwamba, ndipo m'filijimo muli chimene chinawatchukitsa: mafizesi a malambe, madzi otsekemera oundana m'timapepala ta pulasitiki. Mwezi wa Okutobala ukafika, ngakhale akuluakulu a mpingo amayamwa mafizesi amenewa pamsewu osachita manyazi.

Amayiwa anabadwira konkuno, koma nkhondo inawathamangitsa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anakulira ku Ukwimi, ku Zambia, pamalo a othawa nkhondo. N'chifukwa chake anzawo akamati jeleira iwo amati filiji, anzawo akamati jelo iwo amati ayezi, ndipo musayese kuwakonza. Atabwerera kumudzi anapeza nyumba ya makolo awo yasanduka chulu. Sukulu inali itawadutsa kale, choncho anatsikira mumzinda wa Tete kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa dona wina wokalamba, waukali ngati mavu. Dona ameneyu Lamulungu lililonse ankapanga mkaka woundana wotsekemera m'ndowa ya matabwa, ndipo wopukusa chogwirira mpaka mapewa kuwawa anali Eneles. Zaka zinayi zimenezo amazitukwanabe mpaka lero.

Kenako anakwatiwa ndi a Osvaldo, mlimi wa fodya, bambo wofatsa amene mawu akuti "ayi" sanawaphunzire chibadwire. Wina akapempha khasu amapereka khasu ndi mpini wapadera. Banja limeneli lakhala zaka zoposa makumi awiri chifukwa kukana konse kwa pakhomopo amakana ndi amayi Eneles. Chimodzi chokha chimene analephera ndicho kuwaveka amuna awo magolovesi popopera mankhwala ku nazale. A Osvaldo ankati manja amachita thukuta, amayi ankalalata, kenako ankatenga zovala zonunkha mankhwalazo n'kukachapa.

Chaka chatha, nyengo ya nazale ili pachimake, kunabwera mtsikana wina dzina lake Tânia, wochokera ku yunivesite, wakwawo ku Angónia, wolankhula Chichewa chathu chomwechi. Anabwera ndi mabokosi asanu, n'kupatsidwa kachipinda kuseri kwa chipatala. Ankafuna kuona ngati mankhwala opopera fodya akusiya chizindikiro m'matupi mwa alimi, ndipo pa ntchitoyi ankafunika timadontho ta magazi a anthu makumi anayi. Mawu akuti magazi atangomveka, anthu anabalalika ngati kwagwa kabawi pakati pa anapiye. Ndani kuno sanamvepo za anamapopa?

Kwa amayi Eneles, Tânia sanabwerere magazi. Anabwerera filiji. Ya kuchipatala imaziziritsa koma siundanitsa, ndipo iye anali ndi kabotolo kochepa kuposa chala chaching'ono, kokhala ndi timadzi tosakwana n'kumeza komwe, kofunika kuzizira koopsa usana ndi usiku.

"Mwana wanga, m'filiji mwanga simulowa chinthu chimene sindikuchidziwa," anatero amayi Eneles. "Muno mumadya ana a anthu. Fotokozani."

Tânia anakhala pampando n'kufotokoza. Anati thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo m'kachipinda kalikonse muli ulusi wautali wopindidwapindidwa, umene ena amati ADN, ena DNA, wosunga malangizo onse a thupi. Poizoni akalowa m'thupi amawaula ulusiwo apa ndi apo. Tizilombo tina ta bakiteriya tili ndi kawantchito kotchedwa enzima, kamene kamayenda pa ulusi wawo kufufuza powauka, kakapapeza n'kudulapo kuti pasokedwe bwino. Akatswiri anatenga malangizo opangira kawantchitoko n'kuwaika mwa mabakiteriya ena oweta m'labotale, ndipo mabakiteriyawo anapanga antchito ambirimbiri, anthu n'kukolola.

"Dikirani kaye," anatero amayi Eneles ataimika dzanja. "Mukuti mumaweta tizilombo ngati mmene ife timawetera mbuzi? N'kumatikama?"

"Tingatero, amayi."

"Ndiye m'kabotolo aka muli amisiri?"

"Osawerengeka. Ndikawathira pa magazi a munthu, amadula ulusi paliponse pamene pawauka. Kenako ndimakoka ndi magetsi, zodukazo zimatuluka n'kupanga mchira. Mchira ukatalika ndiye kuti powauka panali pambiri. Mwini magazi atha kudzionera yekha pa makina aja oonera tinthu ting'onoting'ono."

Amayi Eneles anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Anaomba m'manja mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Moyo wawo wonse anali kuuza amuna awo kuti mankhwala aja akuwadya m'kati, a Osvaldo n'kumayankha kuti "mwaona ndi maso?" Lero kunabwera munthu woti maso akuwapatsa! Anakondwa mwakuti kabotoloko anakakonzera malo akeake m'chitini cha mkaka chotseka bwino, pansi penipeni pa filiji. M'chitinimo Tânia anaikamonso kachipangizo konga wotchi ya pamkono, kosonyeza kuzizira.

"Nambala iyi izikhala pa makumi awiri, kutsogolo kuli kamzere," anatero Tânia. "Ikayamba kuchepa ndiye kuti mukufunda. Ikafika pa ziro, kamzere n'kuchoka, amisiri ayamba kufooka, ndipo dzuwa la kuno silichedwa kuwamaliza. Kabotolo ndi komweka, kena kangatenge miyezi kuti kafike. Komanso kawotchi aka sikaiwala, amayi. Ndikadzabwera kadzandiuza zonse."

Lamulungu lotsatira, anthu akutuluka m'tchalitchi, amayi Eneles anakwera pa chitsa. Palibe anawatuma. Anauza gulu lonse za ulusi, za amisiri oweta ngati mbuzi, za mchira, ndipo pamene anasokoneza anadzaza ndi mawu okweza. Anamaliza ndi lonjezo. "Magazi anu sapita kwina kulikonse. Aliyense adzaona ake ndi diso lake, konkuno ku Nsadzo. Ndalumbira ine Eneles. Ndipo chimene tikaone, chikome chiipe, tidzachilandire, osatsutsa!" Mawa lake dzanja loyamba kutambasulidwa kuchipatala linali lawo, lachiwiri la a Osvaldo, amene sanafunsidwe maganizo.

Anthu anabwera, amuna opopera ndi akazi awo. Womaliza anali a Baxter, bambo wachikulire wa ng'ombe zambiri, wokayikira chilichonse kuyambira mbewu za makono mpaka nyengo ya pa wailesi. Akupinda malaya anayang'ana amayi Eneles, osati Tânia.

"Ine ndapereka chifukwa cha pakamwa panu, mayi. Ndikapanda kuwaona magazi angawa, mudzandibwezera. Ndipo mudzi wonse udzadziwa kuti munatigulitsa."

Amayi Eneles anaseka, koma mawuwo anawalowa. Munthu wogulitsa zakudya za ana akangotchedwa mnzawo wa anamapopa, watha. Ngakhale madzi akumwa sangamupemphe.

Tânia anapaka magaziwo pa timagalasi, n'kutiviika m'madzi a mankhwala m'filiji ya kuchipatala. Pofuna kuyesa kachipangizo kokokera ndi magetsi, anapeza kuti kanasweka ndi mabampu a panjira. Anakwera galimoto kupita ku Tete kukatenga kena, ulendo wa masiku atatu. Amayi Eneles nawo shuga ndi mapepala zinali zitatha, choncho Lachitatu anapita ku Cassacatiza, kukagona kwa mwana wawo Luísa. Pochoka anawaloza chala amuna awo. "Bambo a Luísa, filiji iyi musaikhudze. Musaiyang'ane n'komwe."

Madzulo a tsiku lomwelo kunamwalira mayi Florência, mlongo wawo wa a Baxter.

Tsono kuno kuli chizolowezi. Pakagwa maliro, kwaya imaimba ndi zokuzira mawu, ndipo batire lamphamvu m'dera lonse ndi la amayi Eneles, lomwe limayendetsa filiji. Maliro onse a zaka zisanu zapitazi anaimbidwa ndi batire limenelo. Maliro n'kulirana, ndipo chopempha anamfedwa sichikanizidwa. Lachinayi m'mamawa akwaya atafika, a Osvaldo anamasula mawaya ndi manja awo, osakhudza filiji monga anauzidwira. Dzuwa litakwera anakumbukira adzukulu amene ankakumba manda panthaka youma gwa, chisoni chinawagwira, ndipo anatsegula filiji kutenga mabotolo a madzi oundana. Anatsegula kanayi.

Amayi Eneles anatsika pa njinga yamoto dzuwa lili paliwombo, akumva nyimbo za maliro kuchokera kutali. Chimene chinawaimitsa mutu si nyimbozo koma bata la pakhonde pawo. Filiji sinali kulira. Anataya thumba la shuga, anatsegula chitseko, anavundukula chitini. Nambala inali pa zisanu ndi zinayi.

"Bambo a Luísa! Batire lili kuti?"

"Likuimba, amayi. Simukulimva? Mayi Florência atisiya."

"Nanga amisiri a dotora Tânia?"

A Osvaldo anagwira pakamwa. "Ine ndimayesa ndi mankhwala basi. Mankhwala amafa? Ndipite ndikalitenge?"

Apa ndi pamene amayi Eneles anakhala pansi. Kukazimitsa nyimbo pa maliro a mlongo wa a Baxter, thupi lili m'nyumba, chifukwa cha kabotolo ka mlendo? Ndiye kuti a Baxter sakanafunikanso umboni wina. Kulisiya batire, amisiri afa, lonjezo lafa, dzina lafa. Ndipo ngakhale likanabwera madzulo, likanabwera lopanda moto, lodikira dzuwa la mawa. Anachita mantha enieni. Anayang'ana mafizesi awo mazana awiri amene anali akadali olimba, anayang'ana mtondo uli pakona, ndipo mwadzidzidzi anamva mawu a dona uja wa ku Tete akukalipa m'mutu mwawo: mbale zitatu za ayezi, imodzi ya mchere, iwe mtsikana wogontha!

Analumpha ngati alumidwa ndi linthumbu. "Mpeni! Mtondo! Mchere wonse wa m'nyumba muno! Fulumirani bambo inu!"

A Osvaldo ankang'amba mapepala, amayi ankasinja. Mafizesi a malambe amene ana amalirira anaphwanyidwa mu mtondo ngati chimanga, kuthiridwa mchere, kusakanizidwa m'ndowa. Chitini chija anachikwirira pakati, ndowayo anaiika m'dengu la gaga, pamwamba bulangete. Anadikira kanthawi, kenako anasuzumira. Khumi ndi ziwiri. Anadikiranso. Khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Khumi ndi zisanu ndi zitatu! Kunja kwa ndowa kunayera ngati kwawazidwa ufa. Amayi Eneles anatsala pang'ono kululutira, koma anakumbukira kuti m'mudzi muli maliro, ndipo nthungululuyo anaimeza. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anamudalitsa dona uja kumanda kumene ali.

Ayezi wa mchere amazizira koopsa koma sachedwa kusungunuka. Anawakweza amuna awo pa njinga yamoto kuti akafune ayezi wina kumagolosale a ku Cassacatiza, ndi matumba awiri ndi bulangete lokulungira. Panatsala vuto lina. Mayi wa pamudzi sangakhale pakhomo mnzake akuikidwa m'manda, ndipo ndowa sakanaisiya yokha. Anamanga chitenje, anasenza dengu lonselo pamutu, ulendo ku maliro.

Amayi anzawo anayesa ndi thobwa, ena mpaka anabweretsa makapu. "Silinapse," ankatero amayi Eneles, dengu ali nalo pambali ngati mwana wodwala. Ankaimba nawo, ankalira nawo, chifukwa malemuwo anali mnzawo wa ku Ukwimi, koma pakapita kanthawi ankazemba kupita kuseri kwa nkhokwe kukakhetsa madzi ndi kuwerenga nambala. Anthu atabwerako kumanda, a Osvaldo anatulukira fumbi lili mpaka m'nsidze, ayezi ali naye. Koma mchere unali utatha, ndipo magolosale onse a pa Nsadzo anali otseka chifukwa eni ake anali pamaliro pomwepo.

Ali chogwada kuseri kwa nkhokwe, akukanda pansi pa kathumba kopanda kanthu, anamva kutsokomola. Anali a Baxter, maso ofiira, ndodo m'manja.

"Mayi, kuyambira masana ndikukuonani. Mwabisa chiyani pa maliro a mlongo wanga?"

Bodza linali pafupi, koma amayi Eneles analibe nalo mphamvu. Anavundukula bulangete n'kufotokoza zonse, za batire, za adzukulu, za mafizesi osinja. A Baxter anawerama, anagwira ndowa, n'kuchotsa dzanja msanga ngati agwira mbaula.

"Heee! Popanda magetsi?"

"Mchere basi, bambo. Koma wandithera."

"Ndiye batire lija likuimba apo ndi la amisiri amenewa? Bwanji simunabwere kudzalitenga?"

"Ndikanayamba bwanji? A Florência tinkatunga nawo madzi pa mjigo umodzi ku Ukwimi."

A Baxter anayang'ana pansi. Kenako anatembenuka n'kumapita, ndipo amayi Eneles anati basi zathera pompa. Posakhalitsa bamboyo anabwerera atasenza yekha paphewa thumba la mchere wa miyala umene amanyambitsa ng'ombe zake, n'kuliponya pansi.

"Sinjani uwu. Magazi anga ali m'nkhani imeneyi. Amisiri anuwo asafe ndisanawaone ntchito yawo."

Mchere wa ng'ombe unagwira ntchito mpaka Lachisanu masana, pamene batire, litabwezedwa, linakhuta dzuwa filiji n'kuyambanso kulira. Tânia anafika Loweruka. Atamva nkhani nkhope inagwa, ndipo anathamangira kulumikiza kawotchi kaja ku kompyuta yake. Anayang'ana, anapukuta magalasi a m'maso, anayang'ananso. Kamzere sikanachokepo ngakhale kamodzi. Mtsikana wophunzira uja anakuwa, anawakumbatira amayi Eneles n'kuvina nawo pakhonde, akufunsa kuti anaphunzira kuti zimenezi. Amayi anati ku yunivesite ya dona wamwano, zaka zinayi, popanda tchuthi.

Masiku atatu Tânia anadzitsekera m'kachipinda kake, ndipo amayi Eneles ankapezapeza zifukwa zodutsira pawindo. Tsiku lachinayi anthu makumi anayi anandanda pakhonde la chipatala atavala za ku tchalitchi. Ankalowa mmodzimmodzi, chifukwa Tânia anati magazi a munthu ndi chinsinsi chake. Chinsinsi chake chiti? Aliyense ankatuluka akufuula. "Ndaona! Tili ngati mbululu, mutu uku mchira uku!" Wina ankati ake ndi ozungulira bwino ngati mazira, wina ankati ake mchira ngati wa mbewa. Tânia anachita kusasa mawu pobwereza kuti mchira si matenda, kuti utsi wa m'khitchini ndi zina zimautalikitsanso, kuti thupi lili ndi amisiri akeake amene amasoka munthu akaleka kudziwaula, ndipo kuti yankho lenileni lidzachokera pa gulu lonse, osati pa munthu mmodzi.

A Baxter anakhalitsa m'katimo. Atatuluka anavula chipewa pamaso pa anthu onse.

"Mayi Eneles, mwandibwezera magazi anga. Ndawaona. Ali ndi michira, ndipo sindikutsutsa."

Amayi Eneles anamva ngati atula mtolo wa nkhuni umene anausenza sabata yathunthu. Analowa omaliza, akuseka, atakonzeka kale zokawanena a Osvaldo, amene anatuluka ali ndwii. Amayiwo mpope wopopera sanaugwirepo chibadwire, ndiye ankadziwa kuti akaona mazira okhaokha. Anatsinzina diso limodzi, anaika linalo pa makina. Poyamba kunali mbuu. Tânia anapotoza pang'ono, ndipo tinthu tinaonekera, takuda, tokongola modabwitsa, tambirimbiri. Pafupifupi tonse tinali ndi michira, yaitali ngati ya amuna opopera aja.

"Mwasokoneza magalasi, mwana wanga. Awa ndi a bambo a Luísa."

"Ndi anu, amayi. Ndipo si inu nokha, amayi angapo ali chimodzimodzi. Sindinganene motsimikiza ndisanawerenge zonse, koma ndifunseko. Zovala zopopera nazo amachapa ndani?"

Amayi Eneles anayang'ana manja awo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri, beseni lomwelo, manja osavala kanthu, akukalipira mwamuna kuti savala magolovesi. Mtima unawawa. Anabwezeranso diso pa makina n'kuyang'anitsitsa, chifukwa ngakhale zinali zowawa, zinali zawo, ndipo anazisunga okha ndi mchere.

Atatuluka, khonde lonse linali kudikira. Akanatha kunena kuti ndi mazira, palibe akanadziwa. Anaona a Baxter atatsamira ndodo, akuwayang'ana.

"Michira," anatero amayi Eneles. "Yaitali kuposa ya amuna anga. Akuti mwina ndi kuchapa."

Amayi amene anali pamzere paja anayang'anizana, wina n'kubisa manja m'chitenje.

"Munanena nokha pa chitsa paja," anatero a Baxter mofatsa. "Chikome chiipe."

"Ndinanena, ndipo ndalandira." Anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo a Luísa, magolovesi aja anakupatsani a kampani ya fodya chaka chatha ali kuti?"

"Ndinabwereketsa."

"Kawatengeni. Lero lomwe."

A Osvaldo anayenda masitepe atatu, n'kuima. Anthu amene analipo amalumbira kuti aka kanali koyamba kuwamva bamboyo akukana kanthu.

"Ndikawatenga, koma simuvala ndinu, amake Luísa. Zovala zimene zija simudzazikhudzanso. Ndizichapa ndekha."